Kuchokera pa mtengatenga kufika pa Lifo: mbiri ya njinga zamoto za ku Nsanama

Pa msika wa Nsanama, m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, njinga zamoto zimayamba kundanda dzuwa lisanatuluke: Lifo, SanLG, King Lion, mwa apo ndi apo Boxer. Pafupifupi zonse ndi zazing'ono, zotsika mtengo, zochokera ku China kapena ku India. Eni magalimoto amazinyoza kuti ndi zachitchaina zosachedwa kufa, ndipo achipatala amadandaula ndi miyendo yothyoka imene zimawatumizira. Koma zikungochulukirabe, ndipo amene akuzigula ndi alimi ndi anyamata opeza ndalama atakhetsa thukuta, anthu osataya khobidi pa chinthu chopanda pake. Ndiye kuti pali chimene ogulawa akuona chimene onyoza aja sakuchiona. Chinthucho chili m'mbiri ya mmene anthu ndi katundu akhala akuyendera m'dera lino. Mbiriyo ikusonyeza kuti ku Machinga ndi ku Balaka chida chodalirika ndi chimene chikawonongeka m'mawa chimakonzeka pofika masana, pa ndalama imene mwini wake angathe kuipeza tsiku lomwelo.

Akuluakulu amasimba kuti kale dera la pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja za Chilwa ndi Chiuta linali la Amang'anja ndi Anyanja, alimi ndi asodzi. Cha m'ma 1860 kudafika Ayao kuchokera kum'mawa, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo mafumu awo monga Kawinga ndi Liwonde adakhazikika m'mapiri a Chikala ndi m'mbali mwa Shire. Ayao anali amalonda a maulendo ataliatali. Ankapita kugombe la nyanja yamchere ndi minyanga ya njovu komanso akapolo, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Katundu yenseyo ankayenda pamutu ndi paphewa. Ng'ombe zokoka ngolo sizinkakhalitsa m'madera ambiri a m'chigwa chifukwa cha kashembe, choncho njira zimene zidapangika zinali zoyenda wina patsogolo wina pambuyo, zokhotakhota polambalala chulu, dambo kapena mtengo waukulu. Malonda a akapolo adatha koma njira zamtundu umenewo sizidathe. Mpaka lero midzi yambiri ya kwa Mlomba, kwa Mposa, kwa Chikweo ndi kwa Ngokwe imafika pa msewu waukulu kudzera m'tinjira totere, ndipo chilichonse chofuna kutumikira anthu a m'midziyo chiyenera kukwana m'kanjirako.

Atsamunda a ku Britain adalengeza ulamuliro wawo mu 1891, ndipo mu 1895 adagonjetsa Kawinga ku Chikala. Kusenza katundu sikudachepe, kudawonjezeka. Boma, makampani ndi amishoni onse ankadalira amtengatenga, ndipo mzungu wa paulendo ankanyamulidwa pa machila. Msonkho wa nyumba ndiwo unkakankha amuna kupita ku ntchito imeneyi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri adatsirizikira komweko ndi njala ndi matenda. Njanji idadutsa pa Balaka kulowera ku Salima mu 1935, malole adayamba kuyenda m'misewu ikuluikulu, komabe kuchoka pa siteshoni kukafika kumudzi thumba linkakwera pamutu monga kale. M'zaka zimenezi ndi mmene mthuthuthu udaonekera koyamba, utakwera mkulu wa boma, mwini esiteti kapena wansembe wopita kukachita misa ku tchalitchi chakutali. Azunguwo adaona msanga kuti mawilo awiri amadutsa pamene galimoto yalephera. Koma njinga zawozo zinali zolemera, zodula, ndipo chitsulo chimodzi chikathyoka chinkadikiridwa miyezi kuchokera kutsidya la nyanja. Munthu wa kwa Nsanama ankangoimva kulira ikamadutsa.

Chimene chidatsitsa katundu pamutu pa anthu wamba ndi njinga yakapalasa. Matchona obwera kuchokera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni ankafika ndi sutikesi, bulangeti ndi Humber kapena Raleigh yonyezimira, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wa uje wabwera bwino. Njinga imeneyi idabweretsa luso limene lidzakhale maziko a zonse zotsatira: pa msika uliwonse padapezeka munthu wodziwa kumata chubu, kumanga masipoko, kuwongola limu ndi kusintha mabelingi. Ulendo wa ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70 obwerera kwawo, ndipo ulendo wa TEBA udatha mu 1988. Humber idayamba kusowa, m'malo mwake mudalowa njinga zotsika mtengo za ku India ndi ku China monga Hero, Avon ndi Phoenix. Madala amene adakwerapo Humber ankazinyoza njingazi ndi mawu omwewo amene lero akunenedwa pa Lifo, akuti chitsulo chake n'chofewa, sizikhalitsa. Pa chitsulo sankanama. Koma njinga zofewazo ndi zimene zidadzaza dziko, chifukwa mlimi ankatha kuzigula atagulitsa mbewu za chaka chimodzi, ndipo zida zake zinkapezeka mu golosale iliyonse.

Nthawi yomweyo, kutali ndi kuno, kunkachitika zinthu ziwiri zimene zidadzakumana pa Nsanama patapita zaka zambiri. Choyamba chinali ku London. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anyamata a ntchito zamanja ankasonkhana pa malo omwera tiyi monga Ace Cafe, atatenga njinga wamba za Triumph, Norton ndi BSA, n'kuzichotsa chilichonse cholemera, kutsitsa mahandulo ndi kufupikitsa mpando kuti zizioneka ngati za mpikisano. Njinga zoterozo zidatchedwa cafe racer, ndipo zinali za mnyamata wopanda ndalama ya galimoto koma wofuna kuti anzake amuone. Chachiwiri, chimene chili chachikulu kwa ife, chinali ku Japan. Mu 1958 kampani ya Honda idatulutsa Super Cub, kanjinga ka injini yogona, kosamwa mafuta, kamene pofika 2017 kanali katapangidwa kopitirira 100 miliyoni. Kenako mu 1974 akatswiri a Honda adayendera maiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kuti akaone mmene anthu osauka amagwiritsira ntchito njinga zawo. Adapeza banja lonse litakwera njinga imodzi, oilo atada mpaka kusanduka phala, mwini wake osapita kwa makaniko kufikira injini itaima. M'malo modzudzula ogula, iwo adabwerera kukapanga injini yopirira moyo woterowo, ndipo mu 1975 kudabadwa CG125. Injini yake ili ndi silinda imodzi, imazizira ndi mphepo popanda ladiyeta, mavavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo kuchokera pansi pamene oilo sasowa, ndipo sefa yake ya mpweya inali yochapa n'kubwezera. Siyothamanga kwambiri, imanjenjemera ikakokedwa, koma imakhululuka. Idapangidwa dala kuti ikhale ya anthu onga a kwa Nsanama, ngakhale opangawo anali asanamvepo dzinalo.

Kuno kwathu, nthawi ya Kamuzu, njinga yamoto idakhalabe ya boma. Njanji ya Nkaya kudzera pa Liwonde kukafika ku Nayuchi idatsegulidwa mu 1970, mabasi a UTM ankayenda m'misewu ikuluikulu, ndipo alangizi a zaulimi a Liwonde ADD, azaumoyo ndi oyendera sukulu ankalowa m'midzi pa Yamaha, Honda kapena Suzuki. Zimenezi zinali njinga zolimba zedi, ndipo aliyense amene adakwerapo Yamaha AG kapena DT angachitire umboni. Koma ambiri akukumbukiranso mathero ake. Ntchito ya chitukuko imene idazibweretsa ikatha, kapena ndalama za ofesi zikachedwa, njinga inkaima chifukwa cha chitsulo chimodzi chimene chinkayenera kuchokera ku Blantyre pa mtengo woopsa. Inkakankhidwira kuseri kwa ofesi, matayala n'kuphwa, udzu n'kumera m'masipoko. Njinga yolimba kuposa zonse inkatha miyezi isakuyenda. Apa ndi pamene pakuonekera kuti kulimba kwa chitsulo ndi kudalirika ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mayi amene akudikira mlangizi kumunda kapena wazaumoyo ku sikelo amapindula ndi chachiwiricho.

Nkhondo ya ku Mozambique idatha mu 1992 ndipo malire adatseguka kwa amalonda. Mu 1994 Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma kufupi ndi Ntaja, adalowa m'boma, malamulo a zamalonda adafewa, matola ndi maminibasi adadzaza misewu pamene mabasi akuluakulu ankachepa. Balaka idakhala boma palokha mu 1998. Anyamata osowa ntchito adamanga khushoni pa kaliyala ya njinga n'kuyamba kunyamula anthu, ndipo kabaza adakhazikika pa Balaka, pa Liwonde, pa Ulongwe, pa Nsanama ndi pa Ntaja. Kabaza wakapalasa adakonza zonse zimene njinga yamoto idadzazipeza: siteji, mzere wa amene ali woyamba kunyamula, wapampando, mitengo ya ulendo yodziwika kwa onse. Chomwe sankatha ndi mchenga wa kunjira ya ku Nayuchi, zitunda za m'mphepete mwa Chikala ndi dzuwa la Okutobala, munthu atanyamula mnzake wolemera kuposa iye.

Mphamvu imene inkasowayo idachokera ku China. Mumzinda wa Chongqing mafakitale amene kale ankapanga zida zankhondo adatembenukira ku njinga zamoto, ndipo kampani ya Jialing idagwirizana ndi Honda mu 1981. Amalonda ena a mumzindawo adatsegula makampani awo: Lifan, imene Yin Mingshan adayambitsa mu 1992, komanso Zongshen ndi Loncin. Ankatengera injini ziwiri zija, yogona ya Super Cub ndi yoimirira ya CG125, n'kumazipanga zochuluka pa mtengo wotsika kwambiri. Kenako mizinda yambiri ya ku China idaletsa njinga zamoto m'misewu yake, Guangzhou mu 2007, ndipo mafakitale adayang'ana kunja, ku Asia, ku South America ndi kuno ku Africa. Dziko la Malawi lidamanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, koma njinga zambiri zimene zidafika ku Machinga zidalowera khomo la kum'mawa. Ku Mozambique zidayamba kufala msanga, ndipo munthu wa kwa Nsanama ali pafupi ndi Entre Lagos kudzera pa Nayuchi, kapena Mandimba kudzera pa Chiponde, kumene chinenero ndi chimodzi ndipo achibale ali mbali zonse ziwiri za malire. Munthu ankapita ndi ndalama m'thumba n'kubwera atakwera njinga, ena kudzera pa chipata cha boma, ambiri kudzera m'tinjira tomwe tija. Ndalama yake inkachokera ku mpunga wa m'madambo a Chilwa ndi Chiuta, ku nsomba, ku thonje la ku Balaka, ku banki m'khonde, ndiponso ku Joni, kumene anyamata ambiri a ku Machinga ndi Mangochi amapitabe. Mu 2015 ndi 2016 nandolo adakwera mtengo chifukwa cha njala ya mbewuyi ku India, ndipo m'midzi ya nandolo malata ndi njinga zamoto zidachuluka. Foni ya m'manja idamaliza ntchitoyo, popeza tsopano munthu wa kumudzi amangoimbira wa kabaza wake kuti abwere pakhomo.

Chokopa cha njingazi chimayambira pa masamu osavuta. Mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa Yamaha yatsopano, ndipo mlimi amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lita imodzi ya petulo imayenda makilomita oposa 30, ndipo mafutawo amagulidwa pang'onopang'ono, botolo limodzi pa ulendo umodzi. Njinga imafika pakhomo penipeni. Imanyamula matumba a nandolo kupita kwa ogula, basiketi ya matemba isanavunde, mabandulo a kaunjika pa tsiku la msika. M'dera limene Asilamu ndi ambiri ndipo maliro sagonekedwa masiku, imafikitsa wachibale wa ku Namanja kapena ku Mpiri mwambo usanathe. Usiku mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka, imakhala pakhomo ambulansi ya ku Liwonde isananyamuke n'komwe. Ngakhale azaumoyo adaziona zimenezi kale, pamene zipatala zina zakumidzi m'boma la Mangochi zidayesa njinga zamoto zokhala ndi bedi pambali zonyamulira amayi apakati. Palinso chokopa china chimene akuluakulu amachipeputsa koma n'chenicheni. Mnyamata wa kabaza amaikonda njinga yake. Amaiveka mphonje pa mahandulo, magetsi a buluu pansi pa thanki, kasipika koimba nyimbo, mawu a Mulungu kapena dzina la timu yake pa madigadi. Mtima umenewu ndi womwe uja wa anyamata a pa Ace Cafe. Ndipo lero ku Ulaya kuli makampani monga Mash ya ku France amene amatenga injini zazing'ono zopangidwa ku China, za m'banja lomweli la injini zotengera za ku Japan, n'kuziveka thanki ndi mpando wa cafe racer kuti achinyamata a m'tauni azigule. Kumeneko nawonso amatsutsana ngati njinga yotchipa ingadaliridwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko njinga imatuluka Loweruka kukaonetsedwa, pamene ya pa Nsanama imagwira ntchito tsiku lililonse pa fumbi ndi matope, choncho yankho lenileni la funsolo lili kuno.

Wotsutsa amati njinga zimenezi zimawonongeka kawirikawiri, ndipo akunena zoona. Mabawuti amamasuka ndi kunjenjemera, mawaya a magetsi amaduka, batire silikhalitsa, masipoko amathyoka, tcheni ndi sipuloketi zimatha msanga, utoto umasuluka chaka chisanathe. Koma tiyang'ane zimene zimachitika njinga ikaima. Pansi pa mtengo pafupi ndi msika, makaniko wayala thumba pansi, masipanala ake ali m'chidebe chodula pakati. Amayamba wachotsa pulagi, n'kuigunditsa pa injini, n'kuponda kiki kuti aone ngati moto ukutuluka. Moto ukakhalapo amatsegula kabuleta, kuitsuka ndi petulo pang'ono m'kachitini, kupemerera kabowo ka jeti mpaka kuwala kuoneke. Ngati injini ikufuka utsi amamasula mabawuti anayi, kukweza silinda, kusintha malingi kapena pisitoni, ndipo gasiketi ikasowa amaidula pa katoni. Zida zonsezo zili m'kashopu ka pafupi, chifukwa mayina olembedwa pa mathanki ndi ambiri koma injini zake ndi mitundu yochepa, ndipo chitsulo cha njinga ina nthawi zambiri chimalowa pa inzake. Mwini njinga amene adafika akukankha m'mawa amachoka atakwera dzuwa lisanapendeke. Tikawerenga masiku amene njinga yagwira ntchito pa chaka, ya pansi pa mtengoyi imaposa ija idaima kuseri kwa ofesi. Komanso luso limeneli lalemba ntchito anyamata ambiri amene adayamba ndi kumata machubu a njinga zakapalasa.

Ndi bwinonso kunena mosabisa kuti zambiri zimene zimapha njingazi sizichokera ku fakitale. Injini yotere imalowa oilo pafupifupi lita imodzi yokha ndipo ilibe sefa yaikulu ngati ya galimoto, choncho moyo wake uli pa kusintha oilo pafupipafupi. Mnyamata amene akuyendetsa njinga ya bwana, wofunika kupereka tageti madzulo alionse, amazengereza kugula oilo, kapena amagula wa m'botolo losadziwika kumene lachokera. Ena amachotsa sefa ya mpweya akuti njinga ikoke bwino, fumbi la m'chilimwe n'kulowa kukapala silinda. Petulo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta amakhala ndi zinyalala, mwina wosakanizidwa ndi zina. Njinga yopangidwira anthu awiri imakwezedwa anayi, kapena matumba atatu a makilogalamu 50, kenako felemu ikang'aluka mlandu umagwera China. Ngakhale zida zosinthira zili ndi magulu, ndipo ogulitsa eni ake amafunsa ngati ukufuna oliginolo kapena yotchipa. Njinga ziwiri zogulidwa tsiku limodzi, ina yoyendetsa mwini wake ina yaganyu, pakatha zaka ziwiri sizifanana ngakhale pang'ono.

Chitsutso cholemera kuposa zonse ndi cha ngozi, ndipo ichi sichiyenera kuyankhidwa mopepuka. Amene adalowapo m'chipinda cha amuna ku chipatala cha boma ku Liwonde, ku Zomba Central kapena ku Queens amadziwa kuchuluka kwa achinyamata ogona ndi zitsulo m'miyendo chifukwa cha njinga zamoto. Ena samafika n'komwe kuchipatala. Pali amayi amene chitenje chidakodwa m'wilo lakumbuyo, ana opsa katumba ndi paipi ya utsi, okalamba ogundidwa pa msika. Banja limene lidagulitsa mbuzi kuti ligule njinga limagulitsanso munda kuti lisamalire wovulala. Zonsezi ndi zoona. Koma tikafufuza ngozi zimenezi, kawirikawiri sitipeza kuti injini idaphulika kapena wilo lidachoka. Timapeza mnyamata amene adaphunzira kuyendetsa masana amodzi pa bwalo la mpira, mawa lake n'kunyamula munthu pa msewu wa tala wodutsa malole. Timapeza mutu wopanda helimeti, kapena helimeti imodzi yopachikidwa pa handulo. Timapeza kulowa mumsewu osayang'ana, kuyenda usiku popanda nyali yakumbuyo, kachasu wa m'mawa, liwiro lothamangira kukwanitsa tageti. Njinga yodula ikadapatsidwa mnyamata yemweyo ikadamupha msanga, popeza imathamanga kuposa. Kuletsa njingazi, monga ena amafunira, kungabwezere thumba pamutu pa mayi wa kwa Chikweo ndi wodwala pa machila, ndipo palibe amene akunena zimenezo amene angalole kuyenda motero.

Vuto lagona pakuti malamulo athu adapeza njinga zitafika kale. Lamulo la pamsewu la 1997 lidalembedwa nthawi imene njinga yamoto inali ya mlangizi ndi wansembe. Kuti munthu wa kwa Nsanama akhale wolongosoka ayenera kulipira msonkho ku MRA, kulembetsa njinga ku Road Traffic, kupeza laisensi ndi inshuwalansi, ndipo zambiri mwa izi zimafuna ulendo wa ku Zomba kapena ku Blantyre, nthawi zina kangapo. Ndalama zonse zikaphatikizidwa zimakhala gawo lalikulu la mtengo wa njinga yeniyeniyo, ndipo amene adaigula kutsidya popanda mapepala amaopa kuti akangoonekera ku ofesi ailanda. Zotsatira zake ndi njinga zambirimbiri zopanda nambala. Woyendetsa wake akaona apolisi amathawira m'tinjira ali ndi munthu kumbuyo, akagunda munthu palibe inshuwalansi yolipira, ndipo njinga ikabedwa palibe poyambira kuifufuza. Akuba amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anyamata a kabaza akhala akuvulazidwa ndi kuphedwa ndi anthu odzionetsa ngati makasitomala madzulo. Boma lakhala likulankhula zochepetsa mitengo yolembetsera, ndipo kumeneko n'kuyamba bwino, koma mtunda wa pakati pa siteji ndi ofesi ukadalipo.

Zaka zaposachedwa zabweretsa chiopsezo china, chimene chikugunda pa mtima penipeni pa kudalirika kwa njingazi. Chilichonse cha pa njinga, kuyambira pulagi mpaka petulo, chimagulidwa kunja. Kwacha idagwa mu Meyi 2012, idatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwezi umene lita ya petulo idachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Kumbali ya zopeza, nandolo adagwa mtengo mu 2017 dziko la India litachepetsa amene limagula kunja, nyanja ya Chilwa idaphwa kwambiri mu 2018, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola minda ndi misewu m'chigawo chakumwera ndi chakum'mawa. Tayala likakwera mtengo, wa kabaza amaliyendetsa mpaka ulusi kuoneka. Mabuleki akadula, amadikira sabata yamawa. Njinga imene mphamvu yake inali kukonzeka msanga imayamba kuyenda yosakonzedwa, ndipo pamenepo onyoza aja amayamba kukhala ndi mfundo. Chikhalirecho, mlatho ukakokoloka m'dzinja, njinga yamoto ndi imene anyamata anayi amainyamula kuiwolotsa mtsinje ulendo n'kupitirira, galimoto itatsala tsidya lina.

Choncho zofunika kuchita zikudziwika, ndipo sizodula kuposa mabedi a chipatala amene tikudzaza. A Road Traffic ndi a MRA azibwera okha pa Liwonde, pa Nsanama, pa Ntaja ndi pa Ulongwe pa masiku odziwika, alembetse njinga zimene zilipo kale pa mtengo umene wa kabaza angaukwanitse, osayamba ndi kulanda. Maphunziro a kayendetsedwe achitikire pa siteji pomwepo, m'Chiyao ndi m'Chichewa, ndipo apampando a masiteji apatsidwe mphamvu yokaniza mnyamata wosaphunzira kapena woledzera kunyamula munthu. A Malawi Bureau of Standards ayang'anitsitse mahelimeti, matayala, mabuleki ndi oilo zolowa m'dziko, chifukwa pa zinthu zinayi zimenezi chabodza chimapha. Eni njinga amene amalandira tageti asiye ndalama ya oilo ndi mabuleki m'manja mwa woyendetsa. Ndipo inu okwera, amene mumalipira ulendowo, funsani helimeti musanakwere, pindani chitenje, ndipo mukaona kuti pampando pali kale anthu awiri, dikirani njinga ina.